Kaduwa katalika khosi, masamba akungothothoka: ndi duwa lanji ndipo likudwala chani?

Mayi wina wafunsa funso ili, ndalifupikitsa pang'ono: "Anzanga anandipatsa kaduwa ka masamba onenepa, otuwa ngati awaza phulusa, masambawo anazungulirana ngati duwa la rozi. Ndinakaika patebulo pabalaza, ndimakathirira kawiri pa wiki. Patha miyezi inayi, pano katalika khosi, kasintha mtundu kakuoneka kobiriwira mofooka, masamba akumangothothoka olo ndingokhudza pang'ono. App ya pafoni tsiku lina imati Echeveria, tsiku lina imanena dzina lina. Kwa anzangawo ndinaona katachita maluwa oyera ang'onoang'ono ngati nyenyezi, okhala ndi timadontho tofiira. Ndi duwa lanji limeneli, nanga likufa?"

Mayi, choyamba mtima m'malo, duwa lanulo silikufa ayi. Lili ndi njala ya dzuwa, komanso mukulipatsa madzi ochuluka kuposa omwe likufuna, koma zonsezi zimakonzeka, ndipo mukatsatira bwino mutha kupezeka muli ndi mapoto asanu kapena khumi kuchokera pa kamodzi komweko.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa yankho munalipereka nokha kumapeto kwa funso lanu osadziwa. Maluwa oyera otambasuka ngati nyenyezi, a timasamba tisanu, okhala ndi timadontho tofiira, masamba onenepa otuwa osongoka kunsonga omwe amathothoka msanga, tsinde lokonda kutalika... ameneyo ndi Graptopetalum paraguayense, yemwe ogulitsa maluwa ambiri amangomutchula kuti ghost plant chifukwa cha kutuwa kwakeko. Dzina loti Graptopetalum linachokera ku Chigiriki, likutanthauza duwa lolembedwalembedwa, nde timadontho munationato ndi tomwe tinabweretsa dzinalo. Pomwe "paraguayense" ndi dzina losokoneza, chomerachi sichichokera ku Paraguay olo pang'ono, kwawo ndi ku Mexico, chigawo cha Tamaulipas. Chinayamba kuoneka ku New York cha m'ma 1904 chitamera pakati pa ma cactus, zomera zaminga zija za m'malo ouma, omwe anachita kuitanitsa kunja, anthu nkuganiza kuti chachokera ku Paraguay, katswiri wa zomera N. E. Brown wa ku Kew Gardens ku London anachipatsa dzina loti Cotyledon paraguayensis mu 1914, kenako mu 1938 katswiri wina, Eric Walther, anachisamutsira m'gulu la Graptopetalum. Malamulo a kapatsidwe ka mayina a zomera salola kusintha dzina chifukwa choti dziko analilakwitsa, nde mpaka lero Paraguay akadali pomwepo.

App yanuyo musaikwiyire kwambiri. Echeveria ndi Graptopetalum ndi pachibale, onse ndi a banja la Crassulaceae, ambiri mwa iwo kwawo ndi ku Mexico, ndipo akakhala ang'ono, mukajambula kuchokera pamwamba amafanana zedi moti ngakhale munthu wozolowera amayamba wadikira kaye. App imangoona chithunzi chimodzi, ndipo chomera chomwe chakhala m'nyumba miyezi inayi chimakhala chasintha mtundu ndi kaimidwe komwe, nde imangolota. Ine ndimauza anthu kuti mukafuna kudziwa dzina la succulent (chomera cha masamba onenepa osunga madzi) wa mtundu wozungulira chonchi musathamangire mtundu wa masamba, mtundu umasintha ndi dzuwa, ndi kuzizira, ndi ludzu. Yang'anani zinthu zomwe sizisintha, ndipo pa zonse chachikulu ndi maluwa. Maluwa a Echeveria satambasuka, amakhala ngati kabelu kapena kamtsuko kotseka kukamwa, nthawi zambiri apinki, ofiirira kapena achikasu kunsonga, atandandana pa kamtengo kowerama. A Graptopetalum amatseguka onse ngati nyenyezi. Mukangoona zimenezo nkhani yatha. Dzina la Echeveria nalo ndi la munthu, Atanasio Echeverría y Godoy, wojambula zomera wa ku Mexico, ndipo gulu limeneli ndi lalikulu, mitundu pafupifupi 150, osawerengera yomwe anthu achita kukwatitsa.

Maluwa akakhala kuti palibe, onani tsinde ndi kagwiridwe ka masamba. Echeveria wodziwika kwambiri uja, Echeveria elegans, amakhala pansi phee, mutu wothinana, ana ake amatulukira m'mbali mothinana naye, ndipo tsamba lake kuti lichoke mumachita kulipotokola. Ghost plant sakhala pansi, akamakula tsinde limatalika, likalemedwa limawerama nkuyamba kulendewera kunja kwa poto, mutu nkudzukanso kuloza kumwamba. Tsamba lake mukalitembenuza kunsi kuli kamsana kotumphuka kochokera patsinde mpaka kunsonga, pamwamba ndi pophwatalala kapena polowa pang'ono ngati supuni yaing'ono. Ndipo limachoka mosavuta, kungoligunda ndi chala basi lagwa. Pali ena awiri omwe anthu amasokoneza nawo koma amenewo savuta: Sempervivum wa kumapiri a ku Ulaya ndi Aeonium wa ku zilumba za Canary, masamba awo ndi opyapyala ndipo m'mphepete muli timaubweya tating'onoting'ono, komanso duwa lawo limatulukira pakati penipeni pa mutu, mutuwo nkufa ukatha maluwa. Wanuyu kamtengo ka maluwa kamatulukira m'mbali pakati pa masamba, mutu umapitiriza kukula bwinobwino.

Chomwe chimavuta zenizeni ndi ana osakanizika. Ghost plant amakwatitsidwa mosavuta ndi abale ake, akakumana ndi Echeveria mwana amatchedwa Graptoveria, akakumana ndi Sedum amatchedwa Graptosedum, ndipo ena mwa amenewa masamba okha simungasiyanitse ndi kholo. Koma maluwa awo kawirikawiri amapita ku chikasu kapena amatseguka theka. Inu mwanena oyera a timadontho tofiira, nde ine ndikuima pa Graptopetalum paraguayense.

Tsopano chifukwa chomwe ndakhalira nthawi pa dzina ndi ichi. Mwa zinthu zitatu zomwe zakudetsani nkhawa, china ndi chibadwa chake, china ndi theka chibadwa theka vuto, china ndi vuto lenileni, ndipo munthu osadziwa dzina amayamba kuchiza zomwe si matenda. Kuthothoka kwa masamba olimba, onenepa, abwinobwino mukakhudza, chimenecho ndi chibadwa, ndi mmene chomerachi chimafalira, tsamba lililonse logwa limatha kumera palokha. Ine kwanga tsamba lina linagwera kuseri kwa poto pasimenti pouma, popanda dothi olo kadontho ka madzi, nditasuntha poto patatha mwezi ndinapeza latulutsa timizu tapinki ngati ulusi ndi kamutu kakang'ono ngati kanjere ka mpunga, timasamba take tonse tooneka kale. Nde masamba otero musataye ndipo musadandaule nawo. Koma ngati tsamba logwalo lili lofewa, lachikasu, looneka ngati lanyowa mkati moti kuwala kukudutsa, mukalifinya likutuluka madzi, imeneyo ndi nkhani ina, amenewo ndi madzi achuluka ndipo mizu mwina yayamba kuwola.

Kutalika khosi nde pofunika kuyang'anitsitsa. Ghost plant wathanzi amatalika, inde, koma katalikidwe kake ndi aka: masamba akale apansi amauma nkugwa, kumatsala tsinde lopanda masamba la timabala toyandikana, kunsonga kuli mutu wothinana bwino masamba atayang'ana kumwamba. Pomwe wosowa dzuwa amatalika masamba ali pomwepo, pakati pa tsamba ndi tsamba linzake pamakhala mpata woti chala nkulowa, tsinde lopyapyala lotuwa, masamba atagwa mapewa kuloza pansi, mutu wonse utapendekera komwe kuli windo. Mmene mwafotokozeramo, miyezi inayi patebulo pabalaza, kusintha mtundu kupita kobiriwira, wanuyo ndi wachiwiriyu. Chomera chikuthamangira kuwala. Maso athu amatinamiza pa nkhani imeneyi, balaza lomwe ife timati ndi lowala bwino kwa chomera cha kumatanthwe ndi mdima, kungochoka pawindo mita imodzi kapena awiri kuwala kumakhala kwatsika kwambiri.

Ndipo ndinene pompano kuti gawo lomwe latalika kale silibwerera. Olo mutaika padzuwa bwanji, mipata ija sidzatsekeka, chomwe chidzasinthe ndi masamba atsopano okha akunsonga. Nchifukwa chake kumapetoku ndikuuzani zodula.

Chimafuna dzuwa lenileni lochiomba, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku, la m'mawa ndiye labwino kwambiri. Pakhonde poyang'ana kum'mawa, kapena pawindo penipeni pomwe dzuwa limalowa, osati kuseri kwa katani. Koma chonde musachichotse pabalaza lero nkukachiika padzuwa la masana mawa, chidzawauka, masamba adzachita zigamba zabulauni kapena zoyera ngati zapsa ndi moto ndipo zipsera zimenezo sizichoka. Chizolowezeni pang'onopang'ono kwa ma wiki awiri, masiku oyamba ola limodzi la m'mawa kenako pamthunzi powala, mukatero muziwonjezera. Mudzaona chokha chikusintha, pamthunzi wowala chimakhala chotuwa mopita ku buluu, padzuwa lambiri chimapita ku pinki ndi chikasu, nthawi yozizira pinkiyo amakula. Anthu ena akaona pinki amachita mantha kuti chikudwala, ayi, ndi utoto womwe chomera chimapanga podziteteza ku dzuwa, ndipo kukongola kwake kwagona pamenepo.

Phulusa lija mumalionalo ndi phula lopyapyala lomwe tsamba limadzipangira, limabweza dzuwa komanso limateteza kuti madzi asamathawe. Si fumbi, si nkhungu, musapukute. Mukagwira ndi chala pamatsala chidindo cha chala chanu ndipo patsamba limenelo phulalo silibwereranso bwinobwino. Ndimamva chisoni ndikaona munthu wapukuta masamba onse ndi kansalu, ena mpaka kupaka mafuta kuti aziwala, kenako nkuika padzuwa, chomera chimapsa chonse. Mukafuna kuchinyamula gwirani poto kapena tsinde.

Za madzi. Kawiri pa wiki kwa chomera ichi, m'nyumba momwe dothi siliuma msanga, ndi kwambiri. Masamba onenepawo ndi nkhokwe ya madzi, ndipo banja limeneli lili ndi kapumidwe kake kapadera, moti asayansi anachita kukatcha dzina la banjali, Crassulacean acid metabolism, mwachidule CAM. Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta m'masamba masana kuti zikoke mpweya, madzi ambiri nkumathawira pomwepo. Izi zimatseka masana, zimatsegula usiku kukazizira, mpweya uja zimausunga ngati asidi mkati mwa tsamba, kukacha nkuugwiritsa ntchito ndi dzuwa timabowo tili chitsekere. Nde zimamwa pang'ono kwambiri, madzi omwe mwathira amangokhala m'dothi, mizu imasowa mpweya, nkuyamba kuwola. Choipa nchakuti mizu ikawola chomera chimaoneka ngati chili ndi ludzu, masamba amafota chifukwa madzi sakukwera, mwini wake nkuwonjezera madzi ena, basi kumaliza.

Musamathirire potengera kalendala. Tengani kamtengo kouma kopyapyala, mulowetse m'dothi mpaka pansi pa poto, mukatulutse. Kakatuluka konyowa kapena dothi litamatirira, dikirani. Kakatuluka kouma, thirani madzi okwanira mpaka atulukire pansi, osati timadontho ta pamwamba, kenako tayani omwe atsalira m'mbale ya pansi, musiye mpaka dothi liumenso gwa. Nthawi yotentha padzuwa zitha kukhala wiki imodzi kapena kupitirira pang'ono, nthawi yozizira ma wiki atatu olo mwezi. Thirani padothi osati pamutu, madzi akakhazikika pakati pa masamba amawoletsa. Chomera chokha chimanena chikamva ludzu, masamba apansi amachita makwinya nkufewa ngati baluni yophwa, mukathirira pakatha tsiku kapena awiri amadzadzanso. Ndipo pakati pa kuchedwa kuthirira ndi kufulumira, bola kuchedwa, ludzu chimapirira kwa nthawi yaitali koma kuwola kumapha m'masiku ochepa. Chikakhala panja nthawi ya mvula yosalekeza chikokereni pakhonde.

Poto akhale ndi bowo pansi, apa nde sindinyengerera. Pali chikhulupiriro choti ukaika miyala pansi pa poto wopanda bowo madzi savuta, si zoona, madziwo alibe kolowera, amangodikira pansipo mizu nkuwapeza. Ngati muli ndi poto wokongola wopanda bowo, dzalani mu kapoto ka pulasitiki kobowola nkukalowetsa mkatimo, pothirira muzikatulutsa. Poto wadothi wosapaka utoto ndi wabwino kwambiri chifukwa amapuma, dothi limauma msanga. Asakhale wamkulu kwambiri, kachomera kakang'ono mu chipoto chachikulu dothi limasunga madzi omwe mizu singathe kumaliza. Dothi lake likhale lotayana, theka dothi la maluwa kapena la manyowa owolerana bwino, theka zinthu zokhakhala, mchenga wa misinkhu ikuluikulu, timiyala ting'onoting'ono, perlite kapena pumice (timiyala topepuka ta timabowo) ngati mungapeze. Mchenga wosalala uja ayi, umatseka mipata dothi nkuuma ngati njerwa. Kuyesa kwake nkosavuta, nyowetsani pang'ono mufumbate m'manja, mukatsegula dzanja lizimwazika lokha, likaumbika ngati lopangira mphika ndiye kuti muwonjezere timiyala. Feteleza safuna wambiri, wamadzi wosungunula kwambiri kamodzi kapena kawiri nthawi yomwe chikukula ndi wokwana, mukachulutsa chimakula mofewa nkutalikanso khosi.

Nde chochita panopa ndi ichi, mayi. Lekani kuthirira. Chizuleni mu poto, mugwedeze dothi, muone mizu ndi tsinde lapansi. Mizu yabwino ndi yoyera kapena yabulauni pang'ono, yolimba. Yowola ndi yakuda, yoterera, imaduka yokha, pena imanunkha. Kaya mizu ili bwino kaya ayi, tengani lezala kapena mpeni wakuthwa, mupukute ndi sipiriti, mudule mutu kusiya katsinde ka masentimita atatu kapena anayi pansi pake. Yang'anani podulapo, pakhale poyera mobiriwira, mukaona kadontho kakuda kapena kabulauni pakati dulaninso m'mwamba mpaka mupeze poyera, chifukwa kuwola kumakwera ndi mkati mwa tsinde. Chotsani masamba apansi pa katsindeko, mutuwo muugoneke pamthunzi pouma masiku atatu mpaka asanu kuti bala liume. Apa nde anthu ambiri amalephera kudikira, amadzala tsiku lomwelo nkuthirira, bala laliwisi likakumana ndi dothi lonyowa limawola. Bala likauma zikani katsindeko m'dothi louma, osathirira kwa wiki yathunthu, kenako pang'ono. Pakatha ma wiki awiri kapena atatu mukakoka pang'onopang'ono mudzamva kuti wagwira.

Chitsa chotsalacho musataye ngati mizu yake ili bwino. Chidzaleni m'dothi latsopano, chiikeni powala, m'timabala momwe munali masamba mudzatuluka timitu tatsopano, pena tiwiri pena tinayi, ndipo poto ameneyu ndi amene amadzakhala wodzadza bwino kuposa woyamba uja.

Masamba onse omwe agwa ndi omwe mwachotsa, malinga ndi olimba ndipo achoka athunthu mpaka pomwe anagwirira tsinde, agonekeni pamwamba pa dothi louma mu thireyi kapena mbale yobowola, osakwirira, pamthunzi powala. Tsamba loduka pakati silimera, mphukira imachokera pa kansonga komwe kanalumikiza ku tsinde. Musathirire mpaka muone mizu, kamwanako kakudya ndi kumwa kuchokera mu tsamba lomwelo. Mizu ikatuluka muzinyowetsa dothi pang'ono pakapita masiku angapo, ndipo mutha kuwaza kadothi pamizupo. Tsamba lalikulu lija lidzayamba kufota mpaka kuuma ngati pepala, musalichotse msanga, lisiyeni lichoke lokha, likatero mwana wayima payekha ndipo mutha kumusamutsira mu kapoto kake. Pa ma succulent onse omwe ndinadzalapo, uyu ndi mmodzi mwa osavuta kumeretsa ndi tsamba, ambiri mwa masambawo amamera.

Chomaliza choti muziyang'anira ndi tizilombo toyera tokhala ngati thonje, tija alimi a chinangwa amati kodikodi, abale ake amakondanso zomerazi. Timabisala mkati momwe tsamba lakumana ndi tsinde, timayamwa madzi, masamba atsopano amatuluka opindika. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chomera yang'anani bwino, zimatsata timadzi totsekemera tomwe tizilomboti timatulutsa. Musasokoneze ndi phula lija, phula limakhala losalala paliponse pomwe tizilomboti timakhala timagulu ngati tizidutswa ta thonje, mukatiphwanya timatuluka madzi. Nyowetsani kathonje ndi sipiriti muzitikhudza kamodzikamodzi, chitani madzulo kapena pamthunzi kuti tsamba lisapse, mubwereze pakatha wiki chifukwa mazira amaswa pambuyo, ndipo poto ameneyo akhale payekha kufikira zitatha. Pozula paja muyang'anenso kumizu, pali mtundu wina womwe umakhala pansi, umaoneka ngati ufa woyera m'mbali mwa poto, mukaupeza tsukani mizu, tayani dothi lonse, poto mumutsuke ndi sopo.

Maluwa oyera aja munawaona kwa anzanu amabwera nyengo yozizira ikamatha, pa chomera chokhwima chomwe chakhala chikulandira dzuwa lokwanira. Mutu womwe mudule panowu mwina chaka choyamba sudzachita maluwa, koma ukadzatulutsa kamtengo m'mbali musakadule, dikirani atseguke muwerenge timasamba take ndi kuona timadonthoto. Akadzatuluka achikasu kapena otseguka theka ndiye kuti muli ndi Graptosedum kapena Graptoveria, ndipo kasamalidwe kake ndi komweka, dzuwa lomwelo, dothi lomwelo, kathiriridwe komweko.